SIR JAMES MURRAY, MLENJE WA MAU AKALE

Ife pano pa sukulu timagwira dikishonale tsiku ndi tsiku. Tikapeza liu lobvuta m'buku la Shakespeare timathamangira komweko, ndipo tikaona tanthauzo lake timatseka bukulo osafunsa kuti kodi anasonkhanitsa mau onsewa ndani. Cotero ndaganiza kuti m'magazini athu ano ndikuuzeni mbiri ya munthu amene anathera moyo wake pa nchito imeneyi, dzina lake James Murray. Ndasankha iyeyu pa zifukwa ziwiri. Coyamba, anasiya sukulu ali wamng'ono kuposa ambiri a ife. Caciwiri, nchito imene anaisenza inali yaitali kuposa masiku ake, koma sanaitule mpaka imfa.

UBWANA WAKE

James Murray anabadwa pa 7 February, 1837, m'mudzi waung'ono wochedwa Denholm, pafupi ndi tauni ya Hawick, kumwera kwa dziko la Scotland. Atate ake anali a Thomas Murray, telala ndi wogulitsa nsalu, munthu wopemphera koma wopanda cuma. Kuyambira ali mwana James anali ndi ludzu la kudziwa zinthu. Anali kutola miyala ndi maluwa nafunafuna maina ake, ndipo usiku anali kuyang'ana nyenyezi. Anthu amasimba kuti poweta ng'ombe anayesa kuziphunzitsa kuti zizimva akamaziitana m'Cilatini.

Atafika zaka 14 anasiya sukulu, pakuti makolo ake analibe ndalama zomtumizira ku sukulu yapamwamba. Tonsefe tidziwa anzathu anzeru amene anatsala kumudzi pa cifukwa comweci, ndipo tidziwa kuwawa kwake. Koma James sanataye mabuku. Anapitiriza kudziphunzitsa yekha zinenero zosiyanasiyana, kotero kuti ali ndi zaka 17 anamlemba uphunzitsi ku Hawick, ndipo atafika zaka 20 anakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu yochedwa Subscription Academy m'tauni yomweyo. M'caka ca 1856 anathandiza kuyambitsa bungwe lofufuza zinthu zakale za ku Hawick.

Cinthu cimene cinamgwira mtima koposa ndi kalankhulidwe ka anthu a kwao. Ophunzira ambiri a masiku amenewo anali kunyoza kalankhulidwe ka alimi ndi abusa a ku Scotland, namati ndi Cingerezi cokhota. Murray anachera khutu, ndipo powerenga mabuku akale anapeza kuti mau ambiri a nkhalamba za kwao sanali olakwa ai, koma anali mau enieni akale amene anthu a ku London anali atawaiwala. Pambuyo pake, m'caka ca 1873, anatulutsa buku lonena za kalankhulidwe ka kumwera kwa Scotland, ndipo ndi buku limeneli limene linamchukitsa pakati pa akatswiri.

MASIKU A CISONI

M'caka ca 1862 anakwatira Maggie Scott, koma cimwemwe cao sicinakhalitse. Mwana wao wamkazi, Anna, anamwalira ali wakhanda, ndipo Maggie anadwala cifuwa cacikulu. Pofuna kumcotsa m'dziko lozizira, Murray anasiya uphunzitsi napita naye ku London, kumene anapeza nchito ya ukalaliki pa Chartered Bank of India. Koma Maggie anamwalira m'caka ca 1865. Taganizani munthu wa zaka 28, mkazi waika m'manda, mwana waika m'manda, kwao ndi kutali, ndipo nchito yake ndi yowerengera ndalama za ena. Anafunsira nchito ku British Museum, nachula zinenero zambiri zimene anali kuzidziwa, koma sanamlembe.

M'caka ca 1867 anakwatira Ada Ruthven, amene anakhala mthandizi wake moyo wonse. Womperekeza pa ukwatiwo anali bwenzi lake Alexander Graham Bell, yemwe uja anadzachuka cifukwa ca lamya. M'caka ca 1870 Murray anabwerera ku uphunzitsi pa sukulu ya Mill Hill, kumpoto kwa London. Iye ndi Ada anabala ana 11, ndipo ambiri anawapatsa maina a Cingerezi cakale, monga Ethelbert, Oswyn, Aelfric ndi Rosfrith.

DIKISHONALE YACILENDO

Angerezi anali nayo kale dikishonale yochuka ya Samuel Johnson, ya m'caka ca 1755. Koma m'caka ca 1857 mbusa wina, Richard Chenevix Trench, anauza bungwe la akatswiri a zinenero lochedwa Philological Society kuti madikishonale onse anali operewera. Maganizo ake anali akuti wolemba dikishonale sayenera kusankha mau okoma okha nataya ena, koma ayenera kulemba mbiri ya liu liri lonse. Liu liri ngati munthu: liri ndi makolo ake, tsiku limene linayamba kuoneka m'mabuku, kusintha kwake pokula, ndiponso imfa yake ngati linafa.

Bungwelo linabvomera, koma nchito inayenda mwa ulesi. Mkonzi woyamba, Herbert Coleridge, anamwalira m'caka ca 1861 ali ndi zaka 30 zokha. Waciwiri, Frederick Furnivall, anali wacangu koma wogwira zinthu zambiri nthawi imodzi. Potsiriza, pa 1 March, 1879, Murray anapangana ndi a Oxford University Press kuti akhale mkonzi. Onse anayesa kuti nchitoyo idzatha m'zaka 10 ndi kuti idzakwana m'mabuku 4.

Kuseri kwa nyumba yake ku Mill Hill Murray anamanga kanyumba ka malata kamene anakacha Scriptorium, ndilo dzina la cipinda cimene amonke akale anali kukoperamo mabuku. M'kati mwake anakhomamo timabokosi 1,029 toikamo timapepala. Tsono kunafika katundu wa akonzi akale, timapepala tolemera pafupifupi matani awiri. M'thumba lina anapezamo khoswe wakufa, m'lina mbewa yamoyo ndi ana ake. Timapepala ta cilembo ca H tinakapezeka ku Italy, ndipo ta mau oyamba ndi Pa tinakapezeka m'khola la akavalo ku Ireland, tambiri anthu atakolezera kale moto.

Murray anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Mu April, 1879, anafalitsa kalata yopempha anthu onse owerenga Cingerezi, ku Britain, ku America ndi kwina konse, kuti amthandize kuwerenga mabuku. Wowerenga ali yense anali kutenga kapepala kakang'ono, nalemba liu pamwamba, kenaka caka ca buku, dzina la mlembi, tsamba, ndi ciganizo conse m'mene liulo liri. Posacedwa timapepala totere tinayamba kufika pafupifupi 1,000 tsiku liri lonse. Ana a Murray anali kutisanja monga mwa zilembo, atate ao nawalipira timakobiri. Kenaka mkonzi anali kuyala timapepala ta liu limodzi pa tebulo, kuyambira kakale mpaka katsopano, ndipo poyang'ana zakazo anali kuona m'mene tanthauzo linayendera, monga mlenje aona mapazi a nyama pa dothi.

Bvuto lina linali lakuti owerenga anali kukonda mau acilendo nanyalanyaza mau wamba. Murray anadandaula kuti pa liu losowa lakuti abusion anali ndi zitsanzo pafupifupi 50, koma pa liu lodziwika lakuti abuse analibe ngakhale zisanu. Timau tating'ono ndito tinali tobvuta koposa: liu lakuti do lokha linamtengera miyezi ingapo.

ZIMENE MAU AKALE ATIUZA

Kuti muone kukoma kwa nchito imeneyi, ndikupatseni zitsanzo zimene zandikondweretsa ine.

Liu lakuti lord, limene timalimasulira kuti ambuye, m'Cingerezi cakale linali hlaford, locokera ku mau awiri: hlaf, ndiwo mkate, ndi weard, ndiye msungi. Tsono lord ndiye msungi wa mkate. Liu lakuti lady linali hlaefdige, ndiye mkazi wokanya ufa wa mkate. Ulemu wonsewo unayambira pa cakudya, pakuti wamkulu ndiye wodyetsa anthu. Kwathu kuno tikanati mwini nkhokwe ndi mwini mthiko.

Kaduwa kochedwa daisy dzina lake litanthauza diso la tsiku, cifukwa kamatseguka m'mawa nikatseka madzulo. Liu lakuti window linabwera ndi anthu a ku Scandinavia amene anakhala m'dziko la England zaka zoposa 1,000 zapitazo. Iwo anali kuti vindauga, ndiko kuti diso la mphepo, pakuti linali boo cabe lopanda galasi. Ife tikamati windo tikuchula liu lomwelo litayenda ulendo wautali, ndipo tikamati zenera tikuchula janela wa Apwitikizi.

Mau ena anatembenuka tanthauzo. Liu lakuti nice licokera ku Cilatini nescius, munthu wosadziwa kanthu, ndipo poyamba m'Cingerezi linali kutanthauza wopusa. Liu lakuti silly linayenda njira yosiyana: kale linali kutanthauza wodala, kenaka wosalakwa, kenaka womvetsa cisoni, ndipo potsiriza wopusa. Meat cinali cakudya ciri conse, osati nyama yokha. Deer inali nyama iri yonse ya m'chire. Girl anali mwana ali yense, mnyamata kapena mtsikana. Starve kunali kufa, ngakhale imfayo isakhale ya njala.

Mau ena anasintha cifukwa ca kumva molakwa. Cobvala ca pophika cinali napron, koma anthu pomva a napron anayesa kuti ndi an apron, ndipo n inathawa. Pa liu lakuti nickname zinacitika mobwerera: linali ekename, dzina loonjezera, koma n ya an inadzamatirira kutsogolo kwake.

Ndipo alipo mau amene anafa. M'caka ca 1066 ankhondo a ku Normandy, olankhula Cifalansa, anagonjetsa England, ndipo m'zaka zotsatira mau a Cifalansa analowa ambirimbiri nakankha mau ena a eni dziko. Wanhope, ndiko kutaya ciyembekezo, linagonja kwa despair. Inwit, ndiko kudziwa kwa m'kati, linagonja kwa conscience. Sennight, ndiwo mausiku asanu ndi awiri kapena sabata, linazimirira, koma mbale wake fortnight, mausiku 14, akali moyo. M'dikishonale ya Murray mau akufa sanawataye. Anawalemba onse, ndipo patsogolo pa liu liri lonse lakufa anaikapo kacizindikiro konga kamtanda, monga timacitira pa manda.

Citsanzo cotsiriza ndi ca ife tomwe. Liu lathu lakuti sukulu ndi school wa Angerezi, ndipo gwero lake ndi Cigiriki schole, kutanthauza nthawi yopuma. Agiriki anali kuona kuti munthu wopeza mpata wophunzira ndi wamwai. Tizikumbukira zimenezi belu la m'mawa likalira.

MTOLO ULEMERA

Gawo loyamba la dikishonale linatuluka pa 1 February, 1884. Linali ndi masamba 352, ndipo linayambira pa A kulekeza pa Ant. Zaka zisanu zinali zitapita, ndiye theka la nthawi ya pangano, koma cilembo coyamba cinali cisanathe. Eni makina osindikizira anada nkhawa ndi ndalama zao, ndipo kawirikawiri anali kumkakamiza kuti afulumire ndi kufupikitsa. Murray anakana kucita nchito yacinyengo, ndipo nthawi zina anafika pofuna kutula pansi udindo. Iye mwini anali pa mabvuto a ndalama, pakuti malipiro a omthandiza anali kucokera m'ndalama zomwezo zimene anali kulandira, ndipo pakhomo panali ana ambiri.

M'caka ca 1885 anasiya uphunzitsi nasamukira ku Oxford, m'nyumba yochedwa Sunnyside pa mseu wa Banbury Road. Kumeneko anamanganso kanyumba ka malata, koma anakakumbira pansi pang'ono kuti kasachinge maso a mnansi wake. Munali mozizira ndi monyowa, kotero kuti nyengo yacisanu anali kugwira nchito atabvala cikhoti. Masabata ena anali kugwira maola oposa 80. Makalata ake anaculuka kotero kuti a positi anamuikira bokosi lofiira loponyamo makalata pa khomo pake penipeni. Pofuna kufulumiza nchito anaonjezera akonzi ena atatu: Henry Bradley, William Craigie ndi Charles Onions.

Ngakhale anali wosamala cotero, liu limodzi linampulumuka. Timapepala ta bondmaid, ndiye kapolo wamkazi, tinasokera m'kanyumba muja, ndipo gawo la B linasindikizidwa popanda liulo. Linadzalowa m'buku loonjezera m'caka ca 1933.

Mwa owerenga amene anamthandiza koposa munali Dr. William Chester Minor, dokotala wa asilikali wa ku America. Munthu ameneyu anadwala misala, ndipo m'caka ca 1872 anaombera ndi kupha George Merrett, munthu wosalakwa amene anali kupita ku nchito ku Lambeth, m'mzinda wa London. Anamtsekera m'cipatala ca amisala ca Broadmoor. M'menemo anasonkhanitsa mabuku akale ambiri, nayamba kulemba mndandanda wa mau a m'buku liri lonse, kotero kuti akonzi akasowa citsanzo ca liu iye anali kucipeza msanga. Anatumiza timapepala zikwizikwi. Murray atamva za moyo wa munthuyo sanamtaye. Anakamuona m'caka ca 1891, ndipo anakhala abwenzi kufikira Minor anabwerera ku America m'caka ca 1910. Ine ndiona kuti apa mpamene paoneka mtima wa Murray: sanacepetse mlandu wa munthuyo, koma sanakanenso cabwino cimene cinatsala mwa iye.

IMFA YAKE

M'caka ca 1908 Mfumu ya ku Britain inampatsa ulemu wa Sir, ndipo m'caka ca 1914 Yunivesite ya Oxford inampatsa digiri yaulemu, mwana wa telala uja amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14. Tsopano anali nkhalamba ya ndebvu zazitali zoyera, yoyenda pa njinga ya magudumu atatu m'miseu ya Oxford. Cikhumbo cake cinali cakuti dikishonale ithe pofika caka ca 1917, pamene akanakwanitsa zaka 80. Koma thupi linatopa. Anamwalira pa 26 July, 1915, ali ndi zaka 78, akugwira nchito pa cilembo ca T, ndipo anamuika m'manda a Wolvercote ku Oxford. Anali atakhala pa nchitoyo zaka 36.

Anzake anapitiriza. Mmodzi wa anyamata amene anathandiza pa cilembo ca W m'zaka za 1919 ndi 1920 anali J. R. R. Tolkien, amene anadzachuka polemba nthano. Dikishonale inatha m'caka ca 1928, patapita zaka 49 cipanganire ndi a ku Oxford. Inali m'mabuku akuluakulu 10, masamba oposa 15,000, mau oposa 400,000, ndi zitsanzo zoposa 1,800,000. Pafupifupi theka la masamba onsewo anakonza ndi Murray. Dzina lake lodziwika ndi Oxford English Dictionary. M'caka ca 1989 inatulukanso m'mabuku 20, ndipo m'caka ca 2000 anaiika pa intaneti. Mbiri ya moyo wa Murray analemba ndi mdzukulu wake, Elisabeth Murray, m'caka ca 1977.

PHUNZIRO KWA IFE

Wina angafunse kuti, kodi si tsoka kugwira nchito zaka 36 ndi kufa usanaone mapeto ake? Ine ndiyesa kuti si tsoka ai. Akanalola kufulumira, akanamaliza buku ali moyo, koma likanakhala buku wamba loiwalika msanga. Iye anasankha kubzala mtengo umene mthunzi wake anadzakhalamo ndi ena. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Phunziro lina ndi ili. Murray anayamba ndi kulemekeza mau a nkhalamba za m'mudzi mwake, amene ophunzira anali kuwaseka. Ife amene tiphunzira Cingerezi tiri pa ngozi yonyoza mau a agogo athu. Pa nthawi imene Murray anali pa zilembo zoyamba, munthu wina wa ku Scotland, David Clement Scott, anali ku Blantyre kusonkhanitsa mau a Cimang'anja, ndipo dikishonale yake inatuluka m'caka ca 1892. Alexander Hetherwick anaikonzanso m'caka ca 1929. M'caka ca 2000 kunatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira mau athu m'cinenero cathu comwe. Koma nchito yotere siitha. Kodi ndi angati mwa ife amene angafotokoze bwino nyanda, imene makolo anali kubvala, kapena ng'anjo, imene anali kuyengeramo citsulo? Nawonso mau athu ali ndi makolo: nsapato, mbatata ndi kapitao tinalandira kwa Apwitikizi, ndipo bwana kwa Aswahili.

Cotero ndikupemphani, anzanga, kuti popita ku chuthi ali yense atenge kope laling'ono. Mukamva agogo achula liu limene simulidziwa, lembani liulo, ciganizo conse m'mene alichulira, mudzi, ndi caka, monga anali kucitira owerenga a Murray. Tikabwera tidzasonkhanitse makopewo m'nyumba yathu ya mabuku. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nkhalamba ikamwalira imapita ndi mau ake, ndipo liu limene palibe analilemba silipeza ngakhale kamtanda ka pa manda.